Ufa pa Suti ya a Chimfwembe

Mpaka lero munthu akandiuza kuti "ndi chimbuya chabe," magazi amandiwira, ndipo ngati pafupi pali madzi otsukira mbale, ndi bwino atalikire. Ine ndine Petronella, mwana woyamba wa a Ezekiel Mshanga a ku Chelstone, mu Lusaka. Zimene zinamuchitikira mng'ono wanga Winifred sindinachite kumva kumsika, ndinaziona ndekha.

Munali mu 1983. Wini anali atamaliza digiri ya zamalamulo, ndipo anali m'chaka chija chimene munthu amaphunzira ntchito m'manja mwa loya wamkulu. Pakutha pa chakacho, loya wamkuluyo amasaina kuti wophunzira wake ntchito waidziwa ndipo ndi wamakhalidwe abwino. Popanda siginecha imeneyo, kunalibe zokalumbira pamaso pa Jaji Wamkulu mu Disembala, kunalibe gauni, kunalibe wigi, ndipo digiri ija ikanangokhala chokongoletsera khoma. Atate anali kalaliki wamba m'boma, mkulu wa mpingo ku Reformed, ndipo anatilera okha amayi atamwalira. Anali atauza kale Chelstone yonse, mpaka ogulitsa makala, kuti m'nyumba mwawo mukutuluka loya.

Wini anapeza malo ku ofesi ya a Morgan Chimfwembe mu Cairo Road, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Anali Mbemba wa ku Kasama, wamimba yotsogola, wa masuti a ku London, wa nyumba ya mpanda ku Kabulonga, ndipo anzawo akumowa anali akuluakulu a Chipani. M'khoti, akuti, akatsegula pakamwa ngakhale majaji ankasiya kulemba kuti amvetsere Chingelezi. Tsiku loyamba atangomva dzina la mng'ono wanga anaomba m'manja.

"Mshanga? Mungoni! Lesa wanga, mwanitumila kapolo!"

Ofesi yonse inaseka, Wini nayenso anaseka, chifukwa mpaka pamenepo panalibe cholakwika. Makolo athu Angoni anamenyana ndi Abemba kalekale, palibe anagonja, ndiye anatula mikondo n'kusandutsa nkhondo ija nthabwala. Kuyambira pamenepo Mbemba ndi munthu wa Kummawa kwa Zambia amatchulana mbuya. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani ndipo ali ndi zala zazitali. Pamaliro awo ndife timaphika, ndife timanyamula bokosi, ndife timatsikira m'dzenje, ndipo timawathira ufa kumutu n'kuwanyoza mmene tafunira. Pamaliro athu iwonso amatero. Lamulo lake ndi limodzi: mbuya sakwiyiridwa. Ine chimbuya ndimachikonda, pa msika wa Chelstone palibe Mbemba amene sanalawe pakamwa pangapa. Koma chimbuya ndi cha anthu oti wina akaponya, mnzake abweze. Nanga munthu amene wagwira cholembera cha tsogolo lako ungamubwezere bwanji?

A Chimfwembe anazidziwa bwino zimenezo. Dzina la Winifred sanalitchulepo chaka chonse, ankangoti "iwe ka mbeba," kutanthauza kambewa. Wini akalemba pepala la mlandu usana wonse, iwo ankaliwerenga mzere umodzi, n'kumwaza mapepala pansi, ati Mngoni azitola atagwada monga anachitira agogo ake. Kukhoti ankamusenzetsa chikwama cha mabuku, gauni ndi chitini cha wigi, iwo ali patsogolo manja m'matumba. Akakumana ndi maloya anzawo pakhonde ankati, "Muoneni mukazi wanga mung'ono, ninamugula na mbeba zibili." Amuna akuluakulu ophunzira, ovala zakuda ngati abusa, ankaseka mpaka kupukuta magalasi.

Kenaka kunabwera manja. Poyamba linali dzanja paphewa, kenaka m'chiuno pokwera masitepe, kenaka pantchafu m'galimoto popita kukhoti. Wini akalichotsa, iwo ankaseka ati, "Ah, mbuya akwiya? Nizakulipilitsa mbuzi." Mng'ono wanga, mwana wonenepa masaya uja, anayamba kutha ngati sopo. Akatsika basi madzulo ankalunjika kubafa, n'kukhalamo mpaka madzi kuzizira. Ndinachita kumupanikiza kuseri kwa nyumba, tikuchotsa zovala pawaya, kuti andiuze.

Ha! Ndinafuna kukwera basi nthawi yomweyo. Ndinamuuza kuti mawa ndikukalowa mu ofesimo ndi mthiko, aone Mngoni weniweni. Wini anandigwira mkono.

"Ba sisi, mukakamenya munthu uja, mwamenya gauni yanga. Kwatsala pang'ono, ndipirira."

Sikuti sanayese kudandaula. Mu ofesimo munali loya wina wocheperapo, ba Edmond, munthu wofatsa, wa kwaya ku Katolika. Wini anamufotokozera zonse. Ba Edmond anatseka chitseko kaye, n'kunong'ona ngati akugulitsa mafuta ophikira a kuseri.

"Manje ufuna nichite chani? Ukakamba kunja, bazakamba ati uli na tsankho ya mitundu, sufuna kuseka na Abemba. One Zambia, One Nation, mwana. Iyo mulandu ni ikulu kuchila iyi yako. Ni chimbuya chabe, pilila."

Masiku amenewo kutchedwa watsankho la mitundu kunali koopsa kuposa kutchedwa wakuba, ndipo a Chimfwembe anali ndi anzawo oti akangoimba foni, dzina lako lada. Ndiye mwana wa eni ake akugwiridwa thupi masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo akalira ndiye kuti iyeyo ndi amene akugawa dziko! Ndikaganiza zimenezo ndimafuna kulavula.

Kwa Atate, Wini anangonena zapamwamba. Mwana wamkazi anganene bwanji za ntchafu kwa bambo wake? Anangoti abwana amamunyoza kwambiri pagulu. Atate anaseka mpaka kutsamwa tiyi. "Amenewo ndi ambuya ako, mama. Ukawauze kuti ndawasungira mchira wa nyani." Ine ndinafuna kumasula thumba lonse pomwepo, koma Wini anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Mu Okutobala, kutentha kuli pachimake, a Chimfwembe anamuitana mu ofesi mwawo. Pepala lofunika siginecha lija linali patebulo, cholembera chili pambali. Anamuuza kuti mwezi wamawa ali ndi mlandu ku Ndola, ndipo apita naye. Chipinda ku hotela alipirira chimodzi, ati ndalama za ofesi n'zochepa. Pepalalo adzasaina kumeneko, m'mawa mwake.

"Ngati sufuna," anatero, "palibe vuto. Nizalemba ati khalidwe yako siili bwino. Banthu bazamvela ndani, ine olo ka mbeba?"

Tsiku limenelo Wini sanapite kubafa. Anakhala pabedi nsapato zili kumapazi, maso ali gwa pakhoma. Sanalire, ndipo chimenecho ndi chimene chinandiopsa.

Patangopita masiku ochepa, amayi a a Chimfwembe anamwalira. Anali gogo wa ku Kasama amene anabwera kudzadwalira kwa mwana wake, ndipo anthu amene ankamudziwa ankati anali wamtima wabwino. Maliro anali ku Kabulonga, kuika ku manda a Leopards Hill. Atate atamva anatulutsa suti yawo ya Mgonero wa Ambuye. Anati abwana a mwana wawo aferedwa, komanso ndi ambuya, ndiye iwo ayenera kukagwira fosholo ndi manja awo.

M'mawa wa tsiku loika, Wini anandipeza kukhichini.

"Ba sisi, ufa watsala wochuluka bwanji?"

Ndinamuyang'ana. Ufa umenewo ndinaupeza nditaima pamzera ku sitolo ya boma mpaka miyendo kutupa. Ndinamufunsa kuti akufuna wa chiyani.

"Lamulo limene akundimenya nalo lili ndi tsamba lachiwiri," anatero. "Lero ndi tsiku lathu lowerenga."

Ndinamudzazira beseni osafunsanso.

Kumanda kunali anthu ngati kumsonkhano wa Chipani. Magalimoto anachita kufika kumsewu waukulu. Maloya onse a mu Lusaka analipo, ndipo kutsogolo, pa mipando ya pansi pa tenti, panakhala a Chimfwembe, akazi awo ba Kathleen, amalume awo okalamba ochokera ku Kasama, ndi jaji wina wa imvi wa Khoti Lalikulu. Ife a Kummawa tinali titayamba kale ntchito yathu. Azimayi ankathamangitsa Abemba pakati pa manda n'kuwapaka ufa, wina anavala chipewa cha malemu n'kumayenda motsimphina monga ankayendera, anthu n'kumaseka misozi ili m'maso. Ndi mmene timatonthozera anzathu. Ansembe atamaliza mapemphero, Atate ndi madoda ena awiri a Kummawa anatsikira m'dzenje kuti alandire bokosi.

Apo ndi pamene Wini anatulukira. Anali atadzikoleka chitenje chakuda m'mapewa ngati gauni, kumutu ataika kansalu koyera koluka ka pa tebulo la Atate ngati wigi, beseni lili m'manja. Anthu atamuona anayamba kuseka asanatsegule n'komwe pakamwa. Anayenda mwaulemu mpaka pamaso pa a Chimfwembe, anawerama monga amachitira maloya m'khoti, n'kuwakhuthulira ufa kuyambira pamutu. Suti ya ku London inayera mbee. A Chimfwembe anaseka, anatambasula manja kuti anthu aone kuti iwo mwambo amaudziwa.

"Khoti likhale chete!" anakuwa Wini. "Angoni akusumira nyani uyu, ndipo mlandu wake ndi wakuba, monga mwa mtundu wake!"

Anthu anafa nazo. Ngakhale jaji uja anabisa pakamwa ndi mpango.

"Choyamba anandibera dzina. Amayi anga anandibatiza Winifred, koma chaka chonse ndakhala mbewa. Ba loya muli apa, ndikunama? Si munkaseka pakhonde la khoti?"

Anasekanso, ena akugwedeza mitu kuvomereza. Wini anatola mapepala a nyimbo za maliro pa mpando, anawamwaza pansi, n'kuyenda motukula mimba monga a Chimfwembe. "Tola, ka mbeba! Gwada!" Anawayeserera ndendende, mpaka ba Kathleen anamwetulira.

"Koma mukudziwa chifukwa chake amafuna ndigwade? Kuti aone bwino m'bulauzi. Nyani uyu maso ake ndi akuthwa."

Kuseka kunachepa. Kumbuyo kunali ena akusekabe, koma pansi pa tenti anthu anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Wini anagwira dzanja lamanja la a Chimfwembe n'kulikweza m'mwamba ngati la wopambana nkhonya.

"Umboni woyamba ndi uwu. Dzanja ili m'mawa limasaina makalata a khoti. Masana, m'galimoto, limakhala pansi pa siketi yanga. Ndikalichotsa limabwerera. Ba Edmond, inu ndinakuuzani mu Juni, imirirani muchitire umboni!"

Ba Edmond anazimiririka kuseri kwa anthu, sindinaone n'komwe kumene analowera. Wini sanasiye. Anatembenukira kwa akazi a a Chimfwembe.

"Ba Kathleen, pepani, ndine mbuya wanu, ndilibe manyazi. Amuna anu anakuuzani kuti mwezi wamawa akupita ku Ndola? Anakuuzani kuti chipinda alipirira chimodzi, ndipo ine ndikapanda kugonamo sadzasaina pepala langa?"

Ba Kathleen sanayang'ane Wini, anayang'ana amuna awo, ndipo nkhope yawo sinali ya munthu wodabwa.

Apa a Chimfwembe anali ndi njira imodzi yokha, yoti aseke. Akanangoseka n'kunena kuti Angoni ndi abodza, anthu akanaseka nawo mothokoza, nkhani ikanakwiriridwa limodzi ndi gogo uja. Ndinkaopa zimenezo kuposa china chilichonse. Koma munthu amene wazolowera kuponya yekha sadziwa kulandira. Anadzuka, anamenya beseni lija mpaka linakagwera pa manda a eni ake, n'kuloza Wini kumaso.

"Watha iwe! Hule! Malinga nili moyo, gauni suzavala mu Zambia muno!"

"Yangu!" anakuwa azimayi achibemba, ena atagwira pakamwa. Mbemba kukwiyira mbuya, pamaliro a mayi ake omubereka, bokosi lili pamphepete pa dzenje! Zimenezo ngakhale woledzera sachita. Ine ndinali nditavula kale nsapato imodzi, ndipo Mulungu ndi mboni, ndikanamuphwanya nayo mphuno. Chimene chinandiimitsa ndi madoda awiri aja, amene ndinawaona akutuluka m'dzenje mwakachetechete. Atate sanatuluke.

Ndinathamangira kukasuzumira. Anali atakhala pansi, m'kati mwa manda, msana atatsamira dothi lofiira, miyendo atatambasula, chipewa chili pamaondo. Anali atamva zonse ali m'menemo. Ankaoneka okalamba kuposa mmene anachokera kunyumba.

"Atate, tulukani," ndinatero.

"Choka apo, Petronella."

Zoti mbuya akhale m'dzenje n'kukana kutuluka si zachilendo. Amachita dala, achibale amamuponyera kandalama, iye n'kutuluka anthu akuseka. Amalume aja a ku Kasama anaganiza kuti ndi zomwezo, kapena anafuna kuti zikhale zomwezo. Anabwera ndi ndodo yawo n'kuponyamo ndalama yapepala. Ndalama ija inatulukanso. Anaponyamo zambiri, nazonso zinatuluka, zitakulungidwa ndi dothi.

"Bambo," anatero Atate kwa amalume aja, ndipo mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'mgolo, "ine ndinabwera kudzaika mlongo wanu mwaulemu. Sanandilakwire. Koma mwana wakeyo wangokwirira mwana wanga wamoyo, anthu onsewa akuona. Dzenje pano ndi limodzi. Mugwirizane kuti muikamo ndani."

Dzuwa la Okutobala linali pamutu. Ansembe anayesa kuwanyengerera, Atate anawayankha mwaulemu kuti iwonso ndi mkulu wa mpingo ndipo Baibulo amalidziwa. Wapampando wina wa Chipani anati aitane apolisi, koma azimayi a Kummawa anali atakhala kale pansi kuzungulira dzenje lonse, miyendo atatambasula, ine pakati pawo. Mafosholo onse anali pansi. Achinyamata ena achibemba anafuna kutsika kuti awanyamule Atate, koma gogo wina wa kwawo komweko anawakalipira kuti amene akhudze mbuya m'manda adzaika yekha abale ake mpaka imfa yake.

Amalume aja anatembenukira kwa a Chimfwembe. Kwa Abemba amalume ndiye mwini mbumba, ndipo digiri ya ku London siigwira ntchito pamenepo. Sanakweze mawu.

"Morgan, mayi wako akupsa ndi dzuwa. Gwada."

A Chimfwembe anayang'ana maloya anzawo, koma palibe amene anawayang'ana. Anayang'ana akazi awo, ba Kathleen anali atafunda chitenje kumutu. Ndiye anapita pamphepete pa dzenje, ufa ukusakanikirana ndi thukuta n'kumatsika m'khosi ngati phala, n'kugwada pa dothi. Anayamba kuomba m'manja moyang'ana pansi pomwe panali Atate.

"Musagwadire ine," anatero Atate. "Ine simunandigwire."

Anachita kutembenuka ndi maondo omwewo mpaka kuyang'anana ndi Wini. Mng'ono wanga anali ataima pomwe paja, kansalu kaja katapendekeka kumutu, manja ali mbee.

"Mbuya, nalakwa," anatero a Chimfwembe, akuyesa kumwetulira. "Ni chisoni chabe chinanikwiyitsa. Pepala yako nizasaina."

Anthu anapuma. Ena anayamba kuseka, kwaya inayamba kukonza kukhosi, ndipo inenso ndinaganiza kuti zatha. Koma Wini anakhala chaka chonse ndi munthu ameneyu, ankamudziwa. Anachotsa kansalu kumutu, anavula chitenje m'mapewa, n'kuzipinda bwinobwino.

"Bwana Chimfwembe," anatero, ndipo tsopano sankaseweranso, "mwalankhula ngati mbuya kapena ngati loya? Chifukwa mbuya amaloledwa kunama. Lolemba mudzandiuza kuti za kumanda zinathera kumanda. A Jaji ali apa. Ngati mukulonjeza, lonjezani ngati loya, iwo akumva."

Ine pamenepo sindinamvetse chifukwa chake maloya onse anaweramuka nthawi imodzi. Wini anandifotokozera pambuyo pake kuti pa ntchito yawo, loya akapereka mawu ake pamaso pa jaji, mawuwo amamumanga kuposa lumbiro. Akawaphwanya, akhoza kufufutidwa m'kaundula, gauni n'kuvulidwa. Ndiye anthu onse anatembenukira kwa jaji uja. Mkuluyo akanatha kuyang'ana kumbali, ndipo ndinaona kuti ankafuna kutero. Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, anawavalanso.

"Ndikumvetsera, a Chimfwembe," anatero.

Kumwetulira kuja kunathera pomwepo. A Chimfwembe analankhula m'Chingelezi chawo chija, koma ulendo uno chinali chachifupi ndipo chinatuluka movutikira. Analonjeza ngati loya kuti Lolemba asaina, ndipo kuti pa khalidwe la Winifred Mshanga alibe chonena choipa. Aka kanali koyamba kutchula dzina lake.

Atate anadzuka m'dzenje muja, anasansa thalauzi, anavala chipewa, n'kuitana anzawo awiri aja kuti atsike. Bokosi analilandira ndi manja awiri, mosamala, ndipo fosholo yoyamba anagwira ndi iwo. Gogo uja tinamuika bwino, tinamuimbira, ndipo maluwa ake tinawayala mwadongosolo.

Tinabwerera pa basi. Tikutsika pa Chelstone Atate anagwira dzanja la Wini ngati mmene ankachitira akumuperekeza ku Giredi Wani, ndipo sanalisiye mpaka pakhomo.

Lolemba a Chimfwembe anasaina. Pepalalo analisiya kwa mlembi, pamodzi ndi uthenga woti Wini asadzapondenso pa masitepe awo. Mukuganiza kuti maloya aja anamuyamikira mwanayo? Ng'o! Amuna omwe aja amene anaseka chaka chathunthu pakhonde la khoti anayamba kunena kuti Wini wachititsa manyazi ntchito yolemekezeka, ati nkhani zotere zimakambidwa m'chipinda, osati kumanda. Chipinda chake chiti? Chomwe chija ba Edmond anatseka chitseko? Wini anayenda Cairo Road yonse kufunafuna ofesi yoti idzamulembe akalumbira, ndipo paliponse ankamuuza kuti malo adzaza. A Chimfwembe anapitiriza kuwina milandu, ndipo chaka chisanathe anagula galimoto ina. Wini anadzapeza ntchito patapita miyezi, ku ofesi yoimira anthu osauka, kumene mafayilo ankafika kudenga ndipo malipiro ankathera m'basi.

Koma Disembala anafika. Tinakwera basi ya m'mawa tonse atatu, gauni ili m'pulasitiki pamiyendo panga kuti isakwinyike. M'Khoti Lalikulu munadzaza makolo, ndipo msilikali wa pakhomo anatichenjeza kuti Jaji Wamkulu akakhala pansi, palibe kuimirira, palibe nthungululu, palibe kuomba m'manja. Anayamba kuitana mayina. Aliyense ankapita kutsogolo, kugwira Baibulo, kulumbira, n'kuwerama.

"Winifred Mshanga."

Atate anaimirira. Sanaombe m'manja, anangoima njo pakati pa anthu okhala pansi, chipewa atachigwira pachifuwa, misozi ikutsikira m'kolala. Msilikali uja anabwera mothamanga, akunong'ona mwaukali.

"Mudala, nkhalani pansi! Muno ni mu khoti!"

Ndinamugwira malaya, ndipo sindinanong'one.

"Asiye, iwe. Bambo ameneyu anakhala kale pansi m'manda chifukwa cha dzina limenelo. Lero aima."